Kiyi wa a Buleki pa Zenera

A Buleki ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo dzinali anawapatsa ndi ophunzira awo omwe. Galimoto ya sukuluyo inali ndi buleki wachiwiri kumbali yokhala mphunzitsi, ndiye bambowa phazi lawo silinkachokapo. Wophunzira akati wayamba kumva kukoma kwa msewu, ankangozindikira galimoto yaima, iwo ali, "Kodi galasi mwaliyang'ana?" Kunyumba nako zinali zomwezo. Anali munthu wabwino, wosamwa, wosamenya, koma ukamasesa iwo ali pomwepo ankakuuza pogwira tsache.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Ali wakhanda ankalira mokweza moti oyandikana nawo nyumba ankafunsa ngati m'nyumbamo mwalowa lole, choncho bambo ake anamutcha Hutala. Dzinalo linakhala, koma phokoso linatha. Anakula n'kukhala mwana wofatsa, wolankhula ngati akupempha mchere kwa eni. Chinthu chokhacho chimene anachikakamira yekha, mpaka kunyanyala chakudya, chinali karate.

Karateyo ankaphunzira madzulo mu holo ina yomwe masana inkakhala ya misonkhano. Mipando yapulasitiki ankaiunjika pakona, pasimenti n'kuyalapo mphasa zalabala, nsapato zonse n'kutsala pakhomo. Wophunzitsa anali mayi wina wamfupi, wa bondo lomanga bandeji, amene masana ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Ana ankawatchula kuti a Sensei, makolo nawo anangotengera.

Makolo ena ankatula ana pageti n'kupita kukaona zina. A Buleki ayi. Iwo malo awo anali pazenera lakumanzere, lomwe galasi lake linasweka kalekale n'kungotsala zitsulo. A Sensei analetsa makolo kulankhula ana akamaphunzira, ndipo a Buleki lamulo ankalilemekeza, pakamwa pawo pankakhala potseka. Koma munthu wozolowera buleki sasowa popondapo. Akaona Hutala watsitsa dzanja loteteza nkhope, ankatenga kiyi wa galimoto n'kugogoda pachitsulo cha zeneralo, ngwe, ngwe. Dzanja lija linkakwera nthawi yomweyo, iwo mtima n'kukhala m'malo.

Pobwerera kunyumba ndiye inkakhala sukulu yachiwiri. Phazi lakumbuyo unalikoka. Chiuno sunachitembenuze. Nanga kukuwa kuja bwanji? Pa karate munthu akamaponya chibakera amakuwa, kuti mpweya utuluke ndi mimba ilimbe, koma Hutala kukuwa kwake kunali ngati kwa kamwana ka mphaka. Zonsezi ankangoyankha kuti, "Chabwino, adadi," maso ali panja. A Buleki ulendo umenewu ankaukonda kuposa china chilichonse pa sabata. Ankati ndi nthawi yawo yocheza ndi mwana, osazindikira kuti wocheza anali mmodzi.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina ana anawaika awiriawiri, wina aziponya, wina azitchinga. Hutala anamuphatikiza ndi mtsikana wina wamtali wa lamba wobiriwira. A Buleki anaona dzanja lakumanzere likutsika, kiyi n'kulira pachitsulo. Kenaka anangomva kuti phwa, mwana wawo ali khale pamphasa, magazi akudontha pa malaya oyera aja.

Analowa ndi nsapato zomwe. Anapeza a Sensei amukhazika kale mwanayo, amuweramitsa mutu pang'ono, amutsina mphuno ndi kansalu.

"Mugadamitseni mutu," anatero a Buleki.

"Ayi bambo, akagadama magazi apita kukhosi. Khalani apa, mugwireni dzanja."

Kuchipatala anati mphuno sinathyoke, koma diso litupa, ndipo mwanayo asachite zolimbana ndi mnzake mpaka kutupako kutatheratu. Kunyumba mayi ake, omwe anali telala ndipo nsalu ankazidziwa, ananyika malaya aja m'madzi ozizira othira mchere, amvekere madzi otentha amamatiza magazi pansalu. Malayawo anayera ndithu. Diso linada, kenaka linachita chikasu, kenaka linabwerera mwakale. A Buleki anati basi, mawa tikuyambiranso.

M'mawa mwake anapeza jumbo patebulo. M'katimo munali yunifolomu ya karate itapindidwa bwinobwino, lamba wachikasu atakulungidwa pamwamba.

"Mukampatse msuweni wanga," anatero Hutala. "Ine sindipitanso."

Sanalire, sanakweze mawu, anangonyamula chikwama n'kupita kusukulu. A Buleki zinawawawa kwambiri. Mwana amene ankagona ndi lamba pansi pa pilo, lero akumutaya ngati sanza? Anaona kuti akapanda kuchitapo kanthu, chinthu chokhacho chimene mwanayu anadzisankhira chithera m'jumbo. Ndipo wolakwa ankamudziwa, kapena tinene kuti ankaganiza kuti akumudziwa.

"Chimtsikana chija n'chankhanza," anauza akazi awo. "Nawo a Sensei, kamwana kotere kukaphatikiza ndi chimlongoti ngati chija? Ndikawaona lero."

Mayiwo sanaimitse makina osokera. "Inu bambo a Hutala, mwanayo mwamufunsa?"

"Ndimufunse chiyani? Ine ndinalipo, ndinaona zonse."

"Ehe, munalipo," anatero mayiwo, n'kudula ulusi ndi mano.

A Buleki anafika kuholo ana asanayambe kubwera, n'kupeza a Sensei akukoka mphasa okhaokha. Mawu anali atawakonza m'njira monse ndipo anawakhuthula onse, kuyambira za mtsikana wamtali mpaka za mphasa zoterera. A Sensei anamvetsera osawadula.

"Mtsikana mukunenayo naye sanabwerenso chichitikireni zija," anatero pomaliza. "Mayi ake akuti amangolira. Chibakera chija chinali chapang'onopang'ono, chimene Hutala wakhala akuchitchinga kuyambira kale. Koma cholakwa changa chilipo, sindikana. Pali chinthu chimene ndakhala ndikuchimva, n'kumachita manyazi kukuuzani. Tavulani nsapato, bambo."

A Buleki anadabwa, koma anavula. Sokosi imodzi inali yobooka pachala chachikulu, ndipo ukali wawo unayamba kuchepa pomwepo. A Sensei anawaimika pakati pa mphasa, pamalo pomwe Hutala anagwera, n'kuwalozera thumba lomenya lomwe linapachikidwa kutsogolo.

"Thumba ilo ndi mnzanu amene akufuna kukumenyani. Musachotsepo maso, zivute zitani. Tandibwerekani kiyi wanu."

Mayiwo anatuluka akutsimphina. A Buleki anatsala okha m'chiholo chija, maso ali pathumba. Anaona pomwe chikopa chinang'ambika n'kumatidwa ndi tepi. Anadziuza kuti zachibwana izi, munthu wamkulu, woyendetsa galimoto zaka zonsezi, sangalephere kuyang'ana thumba.

Ngwe, ngwe.

Khosi linatembenuka lokha. Sanalitume, anangozindikira akuyang'ana nkhope ya a Sensei kuseri kwa zitsulo, thumba lija lili kumbali kwa tsaya lawo. Zeneralo ukaliona uli m'kati linali kutali ndi kumene maso amafunika kukhala, ndipo munthu woima pamenepo ankangooneka mutu wokha, wakuda, kuwala kuli kumbuyo kwake.

"Inu ndakuchenjezani, koma mwacheuka," anatero a Sensei atabwerera, akuwapatsa kiyi wawo. "Nanga mwana, wogogodayo ali bambo ake? Mapanga awiri avumbwitsa. Sangamvere ine, mnzakeyo ndi zenera nthawi imodzi."

"Ine ndimamuthandiza," anatero a Buleki, koma mawuwo anatuluka opanda mafupa.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinkalephera kunena."

Tsiku lonse lotsatira anagwira ntchito mutu uli kwina. Wophunzira wawo, mayi wina wamantha, ankati akayandikira mphambano n'kuyang'ana kaye phazi la mphunzitsi m'malo moyang'ana msewu. A Buleki khalidwe limeneli ankalidziwa, ankadandaula nalo chaka ndi chaka, kuti ophunzira a masiku ano alibe mtima. Koma tsiku limenelo anaona kuti mayiyo akuchita zomwe ankachita Hutala. Anachita manyazi, manyazi enieni otentha m'makutu.

Loweruka m'mawa akutsuka galimoto, Hutala anabwera ndi ndowa ya madzi monga mwa masiku onse. A Buleki anapukuta galasi limodzi kwa nthawi yaitali, kusowa poyambira.

"Hutala, tsiku lija unacheukira kuzenera?"

Mwanayo anayang'ana m'ndowa. "Eya."

"Bwanji sunanene?"

"Mukanadandaula, adadi."

Kamwana aka kanasenza diso lotupa n'kusenzanso mlandu wa bambo ake, kuopa kuti iwo angadandaule.

"Kiyi uja akalira umamva bwanji?"

"Ndimaiwala zonse. Ndimafuna ndione ngati mwakwiya." Kenaka anawonjezera motsitsa mawu. "Ngakhale asanalire ndimakhala ndikumudikira."

"Ndiye karate sukuifunanso?"

"Ndimaifuna." Apa ndiye misozi inabwera. "Koma sindingakuuzeni kuti musamabwere. Ndinu adadi anga."

Anamugwira paphewa ndi dzanja lathovu lomwelo. Anafuna kunena zambiri, kufotokoza, kulangiza, monga mwa chizolowezi chawo, koma anangoti, "Pepa mwana wanga, ndinakupweteka ndine. Ndizikutula pageti. Pazenera paja sudzandionaponso."

Lonjezo kulinena n'kosavuta. Tsiku la karate litafika, jumbo ija inamasulidwa, Hutala mayi ake anamuwenga zikhadabo n'kumumanga tsitsi, ndipo popita iye ndi bambo ake anadzera kwa mtsikana wamtali uja kukamutenga, poti Hutala anaumirira. Atsikana awiriwo atalowa m'holo, a Buleki anaimika galimoto kuseri, moyang'ana khoma la njerwa. Anasamukira kumpando wa mphunzitsi, poti n'kumene thupi lawo linazolowera, kiyi n'kumuponya m'kabokosi ka kutsogolo n'kutseka.

Ha, ola limatalika ukamayang'ana khoma. Anawerenga chikwangwani choletsa kutaya zinyalala mpaka kuchiloweza. Ankamva mapazi akugunda pamphasa, a Sensei akuwerenga, ana akukuwa pamodzi. Mwina pano watsitsa dzanja. Mwina amuphatikizanso ndi wamtali uja. Anatsegula chitseko, phazi limodzi linafika pansi, n'kulibwezanso. Atayang'ana pansi anapeza phazi lina laponda buleki mpaka pansi, galimoto yoima kale. Anadziseka, koma mtima unali kuwawa. Kuonera mwanayo akuchita karate chinali chinthu chokoma kwambiri pa moyo wawo, ndipo anali atachipereka.

Kenaka m'holo munachita bata, ana anayamba kuitanidwa mmodzimmodzi. Ankamva kukuwa kwa aliyense payekha, wina mokweza, wina mwaulesi. Ndiye panamveka mawu ena akuthwa, aatali, ochokera pansi pamimba, moti mbalame zinabalalika padenga. A Buleki tsitsi linawaima. Mawu amenewo ankawadziwa. Anawamva koyamba pakhonde la chipatala tsiku lomwe anakhala bambo, ndipo anali asanawamvenso kwa zaka zambiri. Anagwira pakamwa, misozi n'kumatsikira pa zala.

Ana atatuluka, wamtali uja anatengedwa ndi mayi ake, Hutala n'kubwera chothamanga, nsapato zili m'manja, thukuta lili kamukamu. Anapeza bambo ake abwerera kale pachiwongolero.

"Adadi, munaona? Munaona mmene ndinamutchingira wamtali uja?"

"Sindinaone, mwana wanga. Ndinali muno."

Nkhope ya mwanayo inagwa pang'ono. Anayang'ana khoma la njerwa lija, n'kuyang'ana bambo ake, ngati kuti tsopano ndi pamene wamvetsa chimene anapempha. A Buleki analiza galimoto, n'kuluma mlomo kuti funso la dzanja lakumanzere lisatuluke.

Atatuluka pageti, Hutala anakhala tsonga, n'kutembenukira kwa iwo thupi lonse.

"Ndiye ndikuuzeni. Poyamba ndinachita mantha. Ndiye a Sensei anati..."

Analankhula. Anafotokoza za chibakera choyamba chimene chinamukhudza khutu, za chachiwiri chimene anachikankhira kumbali, za mnyamata amene lamba wake anamasuka buluku n'kutsala pang'ono kugwa. Manja ankauluka m'galimoto monse, mawu akukwera. Anafika pamphambano yokhotera kwawo nkhani ili pakati. A Buleki, munthu amene sanaphonyepo njira chiyambireni kuyendetsa, anaiona mphambanoyo bwinobwino n'kuipitirira.

"Adadi, mwadutsa pokhotera."

"Ndaona. Tizungulira uko. Ndiye wamtali uja anatani?"