Khasu la Pakhoma

Chigulitsireni munda n'kuwatengera kwathu m'tauni, bambo anga anasiya kudya. Ankangokhala pawindo, mbale n'kumabwerera momwe yapitira. Adokotala anati matenda palibe, koma zikapitirira chonchi tiwataya. Amuna anga, eni nzeru, anati tikagone kuhotela ina yakumudzi, nyumba yakale ya pafamu yomwe anaikonzanso, mwina kamphepo kakawatsegula kukhosi.

Kukonzanso kwake kumeneko! Pulasitala anachita kumukanda dala kuti njerwa zizioneka. Pulawo ya dzimbiri anaisandutsa tebulo. Khasu analipachika pakhoma ngati chithunzi cha ukwati, kababu kakuliwunikira. Mwini hoteloyo, amene tinangomutcha Achipewa poti chipewa chaudzu sankavula ngakhale m'nyumba, anatilozera thengo la kuseri monyadira.

"Maluwa achilengedwe amenewo. Alendo amadzajambulitsa pamenepo."

Bambo anayang'ana thengolo, n'kuyang'ana Achipewa, kenako anandinong'oneza: "Munthuyu akudwala?"

"Ayi bambo, ndi sitayilo."

"Kapena ndi wamasiye?"

M'mawa chinandidzutsa ndi chimkuwo. Ndinapeza Achipewa ali pakhonde, manja ali kumutu. Pakhoma panangotsala msomali ndi kababu kaja. Thengo lonse linali litagona, m'malo mwake muli mizere yowongoka bwinobwino, bambo ali pakati, malaya atavula, thukuta lili kamukamu. Tebulo lija anali atalikokera panja n'kulipaka mafuta ophikira. Alendo ena awiri ankaponda matope omatira khoma, akusekerera, poyesa kuti zili papulogalamu.

"Agogo, mwandipha ine!" analira Achipewa. "Mbewu ya maluwa amenewo ndinachita kuitanitsa kutali!"

"Usathokoze, mwanawe," anatero bambo. "Tonsefe timagwa m'mavuto. Khomali tikumatiranso lero lomwe, anthu asamakuseke."

Manyazi amene anandigwira ine, musanene. Eni nzeru aja anathawira kubafa n'kudzitsekera. Achipewa anati tilongedze, tichoke, asadzationenso.

Ndikutuluka ndi sutikesi, ndinapeza wophika atawabweretsera bambo chakudya cham'mawa pamasitepe. Anadya mazira onse, anadya buledi, anakokanso mbale ya mkamwini wawo n'kuiseseratu. Ine ndinangoima pomwepo misozi ili mbwembwembwe, ndikulira ndi chimwemwe pamaso pa munthu amene tamuwonongera bizinesi.

"Kulibenso kena kumeneko?" bambo anafunsa wophikayo.

Tikuliza galimoto, Achipewa anatiponyera khasu lija pawindo, ati sakufunanso kuliona. Bambo analilandira n'kuligoneka pamiyendo. Tinayenda kamtunda, ine ndikuopa kuti tikakafika kunyumba abwerera pawindo paja.

"Apongozi," anatero bambo, "mahotela otere alipo ambiri?"

"Alipo ambiri zedi, bambo," anayankha amuna anga mwamantha.

Bambo anapukusa mutu, akusisita mpini wa khasulo. "Anthu akuvutika."

Amuna anga anandiyang'ana mondichonderera. Ine ndinatulutsa foni n'kuyamba kufufuza hotela ina ya thengo lalikulupo.