Khoma la Kuseri kwa Zenera

"Tambasulani dzanja," anatero a Bulashi atangolowa m'nyumba, nsapato asanavule n'komwe.

Namaloto anatambasula dzanja osacheuka, maso ali pazenera. Mwamuna wake anamuika kachitini kozizira m'manja. Atatsegula anakuwa ngati waponda moto.

"Penti wofiira! Mayo ine, mwamupeza kuti?"

"Pageti la dokotala wa mano uja. Ndachita kukokota ndi supuni."

A Bulashi anali mmisiri wopenta nyumba, ndipo dzina limeneli linawamatirira mpaka lenileni linaiwalika. Mkazi wawo ankasita zovala pa shopu yochapira. Anzake ndiwo anamupatsa dzina loti Namaloto, chifukwa unkatha kumuitana katatu iye ali tong'o, akumwetulira chinthu chimene iwe sukuchiona.

Awiriwa ankachita lendi chipinda chimodzi chakumapeto kwa mdadada. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi lokha, ndipo ukalitsegula unkakumana ndi khoma la mpanda, masitepe awiri okha kuchokera pomwe waima. Tsiku lomwe anasamukiramo, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, Namaloto anatsegula zeneralo, naliyang'ana khomalo, nakhala pabedi n'kulira. Patapita sabata anatola zitini zimene mwamuna wake ankabwera nazo kuntchito, zija zotsala penti wa pansi, natenga mswachi wakale ndi nthenga ya nkhuku, n'kuyamba kujambula pakhomapo zimene ankafuna kuti zeneralo lizimuonetsa.

Anajambula msewu wokwera kaphiri, wokhotakhota, mitengo ili uku ndi uku. Pamwamba pa kaphiriko anaikapo kanyumba ka chitseko chotsegula. Kunali thambo, kunali mbalame zitatu, kunali galu wogona pamthunzi yemwe a Bulashi ankalimbikira kuti ndi mbuzi. Mtundu uliwonse mwamunayo ankaudziwa kwawo. Thambo linali la sukulu ya sekondale, masamba anali a butchala, dzuwa linali la bala ina imene inatsekedwa kalekale.

Pakati pa msewuwo panali mzimayi, wafulatira, akukwera. Dzanja lake lamanja linali m'mwamba, litafumbata mphepo. Namaloto anali atamusiyira malo a ambulera, ndipo ambulerayo inkayenera kukhala yofiira, osati mtundu wina. Koma ndani amapenta nyumba yake mofiira? Mzimayi uja anakhala chikwezere dzanja zaka ziwiri.

"Loweruka ndimupatsa ambulera yake," anatero Namaloto, akununkhiza kachitini kaja ngati mafuta odzola. "Watopa, abale."

Asanatseke pakamwa, panja panamveka ngwerengwere. Anali eni nyumba, mayi wachikulire amene mdadada wonse unkamutcha Amayi a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi womwe unkalendewera m'chiuno mwawo. Sanali munthu woipa ayi, kungoti akanena chinthu sankachibweza.

"Odi muno! Bulashi, tatuluka, ndakupezera ntchito pakhomo pomwe."

Anazungulira nawo kuseri, Namaloto akutsatira. Amayi a Makiyi anaima pakanjira kopanikizika kaja, manja m'chiuno, nayang'ana kaphiri, msewu ndi galu.

"Mwana wanga anabwera dzana. Wandiseka! Akuti, 'Amayi, mwatsegula liti sukulu ya mkaka?' Ndiye ndaganiza. Mpanda wonse uyere mbee. Kutsogolo upake penti, kuseri kuno laimu akwana, kulibe amene amaona."

"Ine ndimaona," anatero Namaloto chapansipansi.

"Iwe mwana wanga, manja uli nawo, sindikukana. Koma nyumba ya mwini saotchera mbewa. Ukadzamanga lako khoma, udzajambule ngakhale njovu."

A Bulashi anakanda m'mutu. "Laimu ndi kazitape, mayi. Kukakhala dzuwa amasunga chinsinsi, koma akanyowa amaulula zonse zili pansi pake."

"Ndiye upale kaye! Si iwe amene umatchuka kuti supaka usanapale? Ndinamva kuti unasiya ntchito ya sitolo yathunthu chifukwa mwini wake anakukaniza kupala."

Zinali zoona. Zaka makumi awiri a Bulashi anali asanapakepo khoma osalipala, ndipo amisiri anzawo akafuna kuwaseka ankati munthuyu ngakhale buledi amayamba wamupala asanapake majarini.

Makiyi aja atapita, awiriwo anabwerera m'chipinda.

"Kanani," anatero Namaloto.

"Ndikakana abwera ndi wina mawa lomwe. Wina wosadziwa n'komwe kuti thambolo ndi la sekondale."

"Bola wina. Winayo sindigona naye chipinda chimodzi."

"Mayi, tamverani. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Miyambi yanuyo mukawauze amisiri anzanu. Zaka zisanu ndi chimodzi mwakhala mukundibweretsera zitini, kani mumanenepetsa mbuzi yoti mudzaiphe nokha?"

"Mwavomera tsopano kuti ndi mbuzi?"

Nthabwalayo inagwa pansi ngati mbale. Namaloto anatseka kachitini kofiira kaja, nakaika m'chikwama cha zida za mwamuna wake.

"Kabwezeni kwa dokotala wanu. Munthu wopita kumanda sagulirwa ambulera."

Kenako anakoka katani, naimanga pakati ndi mapegi atatu oyanikira zovala kuti pasatsale mpata ngakhale wa diso. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso kuseri. Zovala ankayanika kutsogolo, pawaya wa aneba.

Ntchito ya mpanda inatenga sabata. Namaloto ankanyamuka m'mawa osafunsa kuti lero mufika pati, ndipo a Bulashi nawo sankanena. Tsiku lina akudya, mkaziyo anaona kadontho kofiira m'chikhadabo cha chala chachikulu cha mwamuna wake. Mtima unamuwawa. Anaganiza kuti munthuyu wataya penti uja kudzala, penti amene iye anamudikira zaka ziwiri. Lachisanu fungo la laimu linalowa m'chipinda kudzera m'mphepete mwa katani, ndipo Namaloto anadziwa kuti zatha. Madzulo ake Amayi a Makiyi anamveka akuyamikira kuseri kuti, "Eya, uku ndiye kuyera! Ngati chipatala!"

Kuntchito Namaloto ankapatsidwa mashiti a pabedi a nyumba zogona alendo, oyera okhaokha. Akayala shiti pathebulo, nthunzi ya simbi n'kukwera, ankaona msewu uja ukutuluka pansalupo. Ankautsata ndi simbi, kukhota pamene unakhota, kudutsa pamtengo wa masamba a butchala, kulambalala galu kuti asamudzutse. Ankamva miyala ing'onoing'ono pansi pa mapazi. Kutsogolo kwake mzimayi uja ankakwerabe, dzanja m'mwamba, ndipo Namaloto ankafulumira kuti amupeze, amuone nkhope, amupepese. Koma simbi ikafika kumapeto kwa shiti, msewu unkathera pomwepo.

"Namaloto! Utsi uwo!" ankakuwa mnzake wa pathebulo lina. "Lero wapita kuti? Ukamabwerera uzititengerako kanthu."

Iye ankangoseka pang'ono n'kutembenuza shiti. Chimene sankauza munthu n'chakuti tsiku lililonse chithunzicho chinkachepa m'mutu mwake. Anayamba kukayika ngati mbalame zinali zitatu kapena zinayi. Tsiku lina analephera kukumbukira mbali imene chitseko cha kanyumba kaja chinkatsegukira, ndipo mantha anamugwira kwambiri kuposa tsiku la laimu.

Kunyumba ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa. Koma macheza aja a madzulo, pomwe awiriwa ankakhala pabedi kuyang'ana pazenera n'kumakangana zoti m'kanyumbamo mumakhala ndani, anatha. A Bulashi nawo anayamba khalidwe lachilendo. M'mawa uliwonse ankaima pakhomo, khosi m'mwamba, kuyang'ana mitambo. Wailesi ikayamba kunena zanyengo ankakweza mawu n'kuuza aliyense kuti akhale chete.

"Mwagula munda kodi, a Bulashi?" ankawafunsa aneba.

"Ndadzala kanthu pang'ono," ankayankha.

Miyezi iwiri inatha dzuwa likuswa mtengo. Ndiye Lamulungu lina masana kunja kunada, mphepo inayamba kuthamangitsa mapepala pabwalo. Namaloto anali atagona chafufumimba. Madontho oyamba atagunda malata, a Bulashi analowa akupuma mwabefu.

"Mayi, dzukani, zovala zikunyowa!"

"Zovala ziti? Ndanula kale."

"Zomwe ndachapa ine. Zili kuseri."

Namaloto anadzuka n'kuwayang'ana bwinobwino. "Inu? Kuchapa? Kuyambira liti?"

"Kuyambira lero. Diresi yanu ya kutchalitchi ilinso komweko."

"Ndiye bwanji osakanula nokha?"

"Msana," anatero a Bulashi, nagwira m'chiuno, mbali yolakwika.

Namaloto anatuluka akulalata. Mvula inali itatsika yeniyeni, ya madontho akuluakulu, ikuwomba chammbali. Anakhota pakona atawerama, maso pansi, chifukwa sankafuna kuona khoma loyeralo. Anakoka diresi pachingwe, nakoka malaya, ndipo potembenuka maso anamuthawa.

Khoma silinali loyera. Pomwe mvula inkamenya, laimu ankasanduka ngati nkhungu ya m'mawa, ndipo mkati mwa nkhunguyo munkatuluka thambo. Kenako nsonga ya kaphiri. Madzi akutsetsereka, kanyumba kanaonekera, chitseko chake chotsegukira kumanzere. Mbalame zinali zitatu. Mitengo inabwera umodziumodzi, msewu unatsika mokhotakhota mpaka pafupi ndi mapazi ake, galu ali gone pamalo pake. Zonse zinali zofewa, zotuwa pang'ono, ngati zikuonekera patali.

Ndipo pakati pa msewu mzimayi uja ankakwera, atagwira ambulera yofiira.

Inali ambulera yoipa, tisanamizane. Inali ya makona anayi, yowongoka m'mbali ngati denga la malata, ntchito ya munthu amene moyo wake wonse wakhala akupenta zitseko. Koma inakhala ndendende m'dzanja lija.

Namaloto anaima pamvula, zovala zili m'manja, madzi akutsika m'khosi. Sanadziwe kuti a Bulashi afika liti pambali pake.

"Simunapale," anatero.

"Chitsulo chopalira ndinachigwira. Ndinachiika pathambo apa. Dzanja linakana."

"Zaka makumi awiri, bambo."

"Musakauze amisiri anzanga, angandidye wamoyo." Anapukuta madzi kumaso. "Sindinakuuzeni chifukwa sindinali wotsimikiza kuti zioneka. Ndikanakulonjezani, mvula n'kubwera, khoma n'kukhala loyera, mukanalira kawiri."

"Ambulera yanuyi ikuoneka ngati thebulo."

"Koma sakunyowa."

Namaloto anaseka, kuseka kuja kosakanikirana ndi misozi, mpaka anatsamira paphewa la mwamuna wake. Anali asanamugwire chiyambire tsiku la katani.

Ngwerengwere. Amayi a Makiyi anatulukira pakona atafunda pepala la pulasitiki kumutu, akuyendera mipope ya madzi a padenga. Anaima. Anayang'ana khoma, nayang'ana a Bulashi.

"Bulashi, khoma langa latani?"

"Lanyowa, mayi."

"Ndikuona kuti lanyowa, sindine wakhungu! Unapala iwe?"

"Sindinapale, mayi. Ndinalakwa. Mukalamula, mawa ndipala, ntchitoyo ikhala yaulere."

Namaloto anafinya diresi ija mpaka madzi anatuluka. Mayi wachikulireyo anasendera pafupi ndi khoma, natsinzina diso limodzi. Anakhala nthawi akuyang'ana mzimayi wa pamsewu uja.

"Akupita kuti ameneyu?"

"Kwawo," anayankha Namaloto.

"Mvula yonseyi? Bola wapeza ambulera." Anakonza pulasitiki yawo. "Likauma liyera?"

"Liyera mbee, mayi."

"Mwana wanga uja amaopa matope, kukagwa mvula sabwera. Ine ndinati ndikufuna khoma loyera, ndipo dzuwa likawala ndilipeze loyera. Za pamvula ndi za mvula." Anatembenuka kuti azipita, kenako anacheuka. "Koma mbuziyo mwaijambula bwino."

Mvula inakata chakumadzulo. Namaloto anachotsa mapegi atatu aja, nakankhira katani kumbali, natsegula zenera. Awiriwo anakhala pabedi, zovala zonyowa zili m'beseni, kuyang'ana khoma likuuma. Thambo ndilo linayamba kupita. Kanyumba kanatsatira, mitengo inalowa m'nkhungu umodziumodzi, galu anazimirira ali m'tulo. Pomalizira panatsala kadontho kofiira kokha pakati pa khoma loyera, nako kanatuwa mpaka kanasowa.

Namaloto sanatseke zenera.

"Bambo," anatero, "tatsegulani wailesi. Timve ngati mawa igwanso."