Nsapato za Saizi 40

Bambo anamwalira Lachiwiri, pa 4 Malichi, chakum'mawa, ali pampando wa pakhonde, burashi ya nsapato ili m'manja. Maliro anaikidwa Lachinayi. Mabokosi anapezeka Loweruka.

Anawapeza ndi achimwene, mwana woyamba, dalaivala wa lole. Anagwada kuchipinda kwa makolo kuti akoke sutikesi ya zovala pansi pa bedi, dzanja n'kugunda katoni. Kuseri kwa katoniyo kunali ina, kuseri kwakenso ina.

"Amayi! Chitsiriza! Tabwerani mudzaone zimene madala atichita!"

Chitsiriza, mwana wachiwiri ndiponso womaliza, anali kukhitchini akupukuta mbale zobwereka. Anadzuka pang'onopang'ono, dzanja litagwira khoma. Anali woyembekezera, mwezi wachisanu, ndipo amene ankadziwa anali mwamuna wake ndi namwino wa kusikelo basi. Pa zaka zisanu ndi zinayi za ukwati anali atapita padera kawiri, ndipo kawiri konseko anali atalengeza msanga. Anthu anavina, kenako anthu omwewo anabwera kudzakhala naye pansi akumuyang'ana ndi maso achisoni. Maso amenewo sankafuna kuwaonanso. Ulendo uno anapangana ndi mwamuna wake kuti pakamwa patsekedwe mpaka mwezi wachisanu ndi chiwiri. Madiresi otaya ndi nsalu yapamwamba zinkamusungira chinsinsicho.

Atafika pabalaza anapeza mabokosi asanu atandanda patebulo. Amayi anali chiimire, manja ali pachifuwa. Amayi aakulu, mkulu wawo wa Amayi, amene anabwera kumaliro ndipo anali asananene tsiku lobwerera, anali atayamba kale kugwedeza bokosi limodzi pafupi ndi khutu.

"Nsapato," anatero. "Munthu ameneyu ngakhale kumanda akutitumizirabe nsapato."

Panalibe wodabwa kwenikweni. Bambo anagwira ntchito yowerenga mamita a madzi kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi, khomo ndi khomo, wapansi, ndipo nsapato ankazidziwa monga dokotala adziwira mtima. Lamulo lawo aliyense m'nyumbamo ankaliloweza. Nsapato yovala tsiku ndi tsiku imakhala miyezi isanu ndi itatu. Ukamasinthanitsa mapeyala awiri, chaka ndi theka. "Kupitirira apo," ankatero, "ndiwe ukunyamula nsapato, osati nsapato kunyamula iwe." Polishi ankamutcha wabodza, chifukwa nsapato imafera kunsi pamwamba pakuwala. Lamlungu lililonse ankatola nsapato zonse zapakhomo, ndi za alendo zomwe, n'kuziika patebulo. Ankawerama, diso limodzi lotsinzina ngati kalipentala, n'kuziyang'ana chakumbuyo. Yopendekera mbali imodzi inali itatha. Ndipo nsapato iliyonse ya m'banjamo inali ndi mwezi ndi chaka zolembedwa ndi bolopeni mkati mwa lilime lake, tsiku limene inavalidwa koyamba.

Achimwene anatsegula bokosi loyamba n'kukuwa.

"Jombo! Saizi 44! Zanga izi, asandiyandikire munthu!"

Anathamangira pakhomo, anatenga jombo yawo yakale n'kupinda lilime. "Julayi. Werengani nokha: miyezi isanu ndi itatu ndendende. Madala aja anali ndi kalendala m'mutu."

Anavala zatsopanozo n'kuyamba kuguba kuzungulira tebulo, pansi pakugunda. Amayi anayesa kuwakalipira kuti muno ndi m'nyumba ya maliro, koma pakamwa panawathawa, anaseka. Kunali kuseka kwawo koyamba chiyambire Lachiwiri.

Bokosi lachiwiri linali la Amayi: zakuda, zofewa, zopanda chidendene, saizi 37. Phazi linalowa ngati likubwerera kwawo. Lachitatu linali la nsapato zachimuna, saizi 42, za soli ya labala yokhuthala.

"Alamu!" achimwene anaitana pazenera. "Siyani mipandoyo. Apongozi anu akukufunani."

Mwamuna wa Chitsiriza, wokonza magetsi, munthu wosalankhulalankhula, analowa akupukuta manja pathalauza. Anavala, anaimirira, anagwedeza zala m'kati.

"Zakwana," anatero.

"Mwamva? Alamu alankhula mawu amodzi athunthu. Lero ndi tsiku!"

Bokosi lachinayi linali la nsapato zachikazi zabulauni, zotambalala kutsogolo. Onse anatembenukira kwa Amayi aakulu, amene phazi lawo lamanja linali ndi fupa lotuluka pambali pa chala chachikulu.

"Ine? Ayi. Ine ndi mlamu wangayu sitinkamwerana madzi."

"Tangoyesani, akulu," anatero Amayi.

Anayesa akung'ung'udza. Nsapato inalandira fupa lija popanda kulifinya. Amayi aakulu anayenda kukafika pakhomo n'kubwerera, anayendanso kachiwiri, mutu uli m'mwamba.

"Ndiye kuti zaka zonsezi ndikumunena, iye ankangondiyang'ana mapazi? Mwamuna wopanda manyazi!"

Nyumba yonse inaphulika. Achimwene anagwa pampando atagwira m'mimba.

"Latsala lako, Chitsiriza," anatero akupukuta misozi. "Tsegula tione."

Anatsegula. Munali nsapato zachikazi zotuwa, zachikopa chofewa, zopanda chidendene, zomata ndi lamba wotakata. Achimwene anatenga imodzi n'kuitembenuza. Kumwetulira kunawachoka.

"Saizi 40."

"Chitsiriza amavala 38," anatero Amayi. "Chiyambire ali kusekondale."

"Mwina analakwitsa," anatero mwamuna wa Chitsiriza.

Onse anamuyang'ana ngati watukwana. Bambo akanatha kuiwala tsiku lobadwa la mwana wawo, koma saizi sanalakwitsepo.

"Ndiponso," achimwene anapitiriza, "za Chitsiriza anamugulira Novembala. Ndinawaperekeza ndine. Miyezi inayi yokha. Sizinafike."

Amayi aakulu anakhala pansi bwinobwino, n'kukonza mpango kumutu. Nkhope yawo inali ya munthu amene wadikira nthawi yaitali.

"Muno mulibe mkazi wa saizi 40," anatero. "Ndiye funso ndi limodzi."

"Akulu, musayambe."

"Sindikuyamba, mng'ono wanga, ndikumaliza. Kumanda kuja simunamuone mayi wamtali uja, wa mpango wobiriwira? Analira kuposa iweyo mwini wake. Ndinamuyang'ana pansi. Mapazi ngati mabwato."

"Amene uja ankagwira nawo ntchito," anatero achimwene.

"Eya. Ntchito. Munthu woyenda khomo ndi khomo zaka makumi atatu, amuna a eni ake ali kuntchito, mukuganiza kuti ankangowerenga mamita?"

Achimwene anaseka, koma kuseka kwake kunatuluka kopyapyala. Kenako nkhaniyo inawalowa m'magazi. Anayamba kuwerenga pa zala akazi aatali onse amene ankawadziwa: wogulitsa makala, mkazi wa telala, mayi wa pagolosale. Anati atenge nsapatoyo ayende nayo mumsewu wonse, aliyense aponyemo phazi. Amayi aakulu anawonjezera awiri ena. Mawu anakwera, wina aliyense akulankhula pamwamba pa mnzake.

Chitsiriza sankawamva bwino. Iye anali atadziwa kale, bokosi litangotseguka.

Lamlungu lachiwiri la Febuluwale anabwera kudzacheza, atachokera kusaluni kumene amaluka tsitsi chiimire tsiku lonse. Anavula nsapato zake zamalamba pakhomo. Bambo anazitola monga mwa nthawi zonse, n'kuziika patebulo. Sizinapendekere. Koma Bambo sanazibweze msanga. Anayendetsa chala chachikulu pa lamba, pamene panali mzere wa bowo lachitatu, bowo limene Chitsiriza ankamangapo masiku onse. Tsopano ankamanga pa bowo lomaliza, chifukwa mapazi anali atayamba kutupa. Bambo anamuyang'ana kamodzi, osati kumaso kokha. Anabweza nsapato pakhomo, anamukokera mpando wawo wa pakhonde umene sankaupereka kwa munthu, n'kumuikira kampando kena kuti atukulirepo miyendo. Pochoka anamunyamulira chikwama mpaka pokwerera basi.

Chitsiriza anakweza maso. Mwamuna wake ankamuyang'ana kuchokera pakhomo, nsidze zili m'mwamba. Chitsiriza anapukusa mutu pang'ono. Ayi. Kwatsala miyezi iwiri. Miseche ya Amayi aakulu imatha yokha ngati mvula yamkuntho.

"Mwezi wathawu ankachoka Loweruka lililonse," Amayi anatero mwadzidzidzi. Sanakweze mawu, koma onse anatembenukira kwa iwo. "Ndikafunsa ankati akukawongola miyendo."

"Ankakagula nsapatozi, Amayi," anatero achimwene. "Bokosi limodzi pa sabata."

"Ndi la mkazi winayo lomwe."

Amayi anawerama. Anavula nsapato yakumanzere, kenako yakumanja. Anazipukuta kunsi ndi m'mphepete mwa nsalu yawo, anaziika m'bokosi, chidendene ku chala, monga zinabwerera, n'kuvundikira.

"Sindivala nsapato zogulidwa thumba limodzi ndi za mkazi mnzanga," anatero. "Zaka makumi anayi ndi ziwiri ndakhala ndikumutsukira masokosi. Mwana wanga, chithunzi cha bambo ako chili pakhomacho uchitsitse. Ndichione ndikapeza mphamvu."

Achimwene sanasunthe. Amayi anadzuka okha, opanda nsapato, n'kuyamba kukoka mpando kupita pansi pa chithunzicho.

"Ndi zanga," anatero Chitsiriza.

Mpando unaima.

"Usawaikire kumbuyo bambo ako," anatero Amayi aakulu. "Iwe ndi 38."

"Achimwene, tanditengerani nsapato zanga pakhomopo."

Anazibweretsa. Chitsiriza anaziika patebulo, pamalo pomwe Bambo ankaziika, n'kutambasula lamba.

"Onani mzere uwu. Ndinkamanga apa. Pano ndikumanga apa, ndipo madzulo sizimangika n'komwe."

Anakweza nsalu yake pang'ono, anatulutsa mapazi m'masilipasi. Anali onenepa, akakolo osaoneka bwino. Amayi anayang'ana mapaziwo. Maso awo anakwera pang'onopang'ono, anadutsa maondo, n'kukaima pa diresi lotaya lija.

"Miyezi ingati?" anafunsa monong'ona.

"Wachisanu."

"Bambo ako anakuuza kuti adziwa?"

"Sananene kanthu. Anangogwira lamba."

Amene anayamba kukuwa anali Amayi aakulu. Analumpha ndi nsapato zawo zabulauni, manja m'mwamba, akuzungulira pamalo amodzi.

"Ndinanena ine! Ndinanena kuti mlamu wanga anali munthu woyera! Ndani amati chiyani?"

"Inuyo, Amayi aakulu! Mapazi ngati mabwato!"

"Amenewo ndi mapazi a eni ake, sakutikhudza!"

Achimwene anamugwira mwamuna wa Chitsiriza m'chiuno n'kumunyamula m'mwamba, nsapato zatsopano zikupalasa mphepo. "Alamu! Kachetechete yense uja, kani mumagwira ntchito! Magetsi ayaka!"

"Nditsitseni, alamu," anatero mwamunayo, akuseka mano onse ali pamtunda.

Chitsiriza ankaseka nawo, koma manja ake anali atagwira m'mphepete mwa tebulo. Phokoso ili analimvapo kawiri. Ankadziwa mmene limayambira, ndi mmene limathera.

"Chonde," anatero. "Zisatuluke m'nyumba muno. Nthawi zina zija sindinafike mwezi wachisanu ndi chimodzi."

Phokoso linatsika. Amayi aakulu anatseka zenera okha, n'kudzigwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Amayi anabweza mpando pamalo pake. Anatsegula bokosi lawo, anavalanso nsapato zakuda zija, n'kuima kanthawi atayang'ana chithunzi cha pakhoma.

"Nkhalamba yopusa," anatero. "Ukanangondinong'oneza."

Kenako anatenga nsapato yotuwa imodzi, anagwada pamaso pa mwana wawo movutikira, bondo limodzi kenako linalo.

"Bweretsa phazi."

Phazi linalowa mosavuta. Amayi anadina kutsogolo ndi chala chachikulu kufunafuna pamene zala zathera, monga Bambo ankachitira ana ali aang'ono. Kenako analowetsa chala kumbuyo kwa chidendene. Chinalowa chonse, malo n'kutsalabe.

"N'zazikulu," anatero achimwene. "Ndiye madala analakwitsadi?"

"Sanalakwitse," anatero Amayi, osadzutsa mutu. "Ndili ndi pakati pa iweyo, mapazi anga anakwera masaizi awiri. Koma anakwera kumapeto, mwezi wachisanu ndi chitatu. Anandigulira nsapato bambo ako, anayeza okha." Anamata lamba, n'kulimasulanso. "Izi sanagulire lero. Anagulira miyezi yomaliza."

Chitsiriza anayang'ana nsapatoyo. Chikopa chake chinali chisanapindike paliponse. Misozi inagwera pa lamba, ndipo Amayi anaipukuta msanga ndi chikhatho kuti isasiye banga.

Achimwene anatulutsa bolopeni m'thumba la shati. Analemba Malichi mkati mwa jombo zawo, analemba m'za alamu awo, m'za Amayi ndi m'za Amayi aakulu. Atatambasula dzanja kuti atenge zotuwa zija, Amayi anazikokera kwa iwo.

"Tsiku amalemba likakwana phazi."

Anaziika patebulo zonse ziwiri, zidendene zitayang'ana kwa iwo. Anawerama, diso limodzi lotsinzina. Zinaima chilili. Anazibweza m'bokosi n'kuliika pamwamba pa kabati, pansi pa chithunzi.

Namwino anati mwana akuyembekezeka mu Julayi. Mkati mwa lilime la nsapato za saizi 40 simunalembedwe kanthu.