Olawa Nsomba ya Zuleika

Anamwino a Susana anapachika Zuleika pa balansa yoyezera ana, anayang'ana muvi, kenako anayang'ana ine.

"Mwanayu amadya chiyani?"

"Phala, ndi nsima ya chinangwa."

"Ndiwo?"

"Msuzi wa nsomba."

"Nanga nsombayo amadya ndani?"

Nsombayo timadya ndife: ababa, amayi ndi ine.

Zuleika ndi mwana wa achemwali anga a Asiyatu, amene amagwira ntchito m'sitolo ku Lishinga. Anamusiya kwathu ku Nkholongue atangomuletsa kuyamwa, ndipo popeza ine ndinamaliza desima, kalasi la khumi, n'kukhala pakhomo, mwanayo anasanduka wanga. Miyezi itatu m'mbuyomo munga wa chambo unamuima pakhosi. Anatsokomola mpaka kufiira maso, munga unatuluka, ndipo kuyambira tsiku limenelo amayi analamula kuti mwana azidya msuzi wokha.

Anamwino anandionetsa mzere wa pa kartau yake, khadi la kusikelo. Unali kutsika ngati njira yochokera ku Maniamba.

"Masabata atatu," anatero. "Akapanda kukwera ndimulembera kuchipatala ku Metangula, ndipo amayi ake ndiwaimbira ndekha."

Ndinadziwa kuti achemwali akamva adzamutenga kupita naye ku Lishinga, ndipo sadzabweranso.

"Nsomba uziwiritsa, usakazinge m'mafuta. Uchotse minga yonse, uinyenyenyenye, uithire m'phala pamodzi ndi nsinjiro. Mchere pang'ono chabe. Ndipo wina asamutafunire, wamva?"

Ndinamva. Limeneli linali tsiku lachinayi la Ramazani. Ife tonse tinali titafunga, kusala kudya, koma mwana wa chaka ndi theka safunga. Amadya masana.

M'mawa mwake ndinawiritsa chambo chimodzi, ndinachisenda khungu, ndinafufuza mnofu ndi zala katatu. Minga ikuluikulu inatuluka. Koma pali tina tating'ono timene chala sichitimva, ndipo kwathu timatifufuza ndi lilime. Ndinakweza supuni.

"Mwajuma," anatero amayi ali pakhonde, "wafunga kapena sunafunge?"

"Ndingolawa, ndilavula."

"Ashehe anati kulawa osameza sikuononga funga," anatero ababa, akusoka ukonde.

"Ashehewo anayamba alavulapo chambo?" anafunsa amayi.

Ababa anapitiriza kusoka.

"Ndiye atilawire ndani?" ndinafunsa.

Amayi analoza ndi milomo kugombe, kumene a Timoteo anali atagwada pa injini ya boti. A Timoteo ndi a ku Msumba, a mpingo wa Angilikani, ndipo amabwera kwathu kudzakonza mainjini. Ndinali ndisanalankhulepo nawo china choposa moni. Ndinaima kumbuyo kwawo nthawi ndithu, mbale m'manja, Zuleika kumsana, mpaka mwanayo anayetsemula ndipo iwo anacheuka.

Ndinafotokoza nditayang'ana mchenga.

"Mwana wanga," anatero, "inenso ndili pa Kwarezima, Lenti yathu."

"Pepani," ndinatero, n'kutembenuka.

"Bwera kuno. Ife timasala nyama. Nsomba sitinayambane nayo."

Anasamba m'manja m'nyanja nakhala pa boti. A Timoteo ali ndi mano anayi, onse kutsogolo. Anatapa supuni imodzi, anatsinzina, anayendetsa pakamwa kwa nthawi yaitali, kenako anatulutsa kamunga kakang'ono ngati tsitsi nakaika pa chivundikiro cha injini. Anameza. Anatapa yachiwiri.

"Imeneyi ilibe," anatero, n'kumezanso. "Koma mchere uli kuti? Mwaufungitsa nawonso?"

"Anamwino anati pang'ono."

"Mafuta?"

"Aletsa."

"Anamwinowo ali pabanja?"

"Sindikudziwa."

"Ukafunse."

Pa supuni yachitatu ndinazindikira vuto. Supuni imene a Timoteo ailawa ndi yokhayo imene tikudziwa kuti ilibe munga, koma imeneyo inali itapita kale m'mimba mwawo. Za zotsala m'mbale sitinkadziwa chilichonse. Ndinawauza zimenezi motsitsa mawu. Analingalira.

"Ndiye ndilawe zonse," anatero.

Ndinalanda mbale. Ndinabwerera kunyumba, ndinatsuka sefa ya ufa, ndinaikamo mnofu wotsalawo n'kuukanikiza ndi kuseri kwa supuni. Unadutsa wosalala. Pamwamba pa sefa panatsala timinga tinayi. Ndinathira mnofuwo m'phala la nsinjiro, ndinaliwiritsanso, ndinalipozetsa.

Zuleika ananunkhiza supuni, anamva chambo, anatseka pakamwa. Ndinamuimbira, anatseka maso. Amayi anamuopseza ndi ng'ona, analira, koma mano atalumana.

A Timoteo anafika akupukuta manja, ati adzamve ngati ntchito yatha. Ataona phala anatenga supuni ina m'dengu osafunsa, anatapa, anatsinzina, anayendetsa pakamwa. Zuleika anasiya kulira. Anawayang'anitsitsa mpaka anameza, kenako anatambasula dzanja.

Tsiku limenelo anadya masupuni asanu ndi awiri. Supuni imodzi a Timoteo, imodzi iye. Akachedwa kumeza iwo, nayenso ankadikira.

Zinakhala choncho masana aliwonse. Minga inalibenso malo chifukwa cha sefa, koma olawa sakanachotsedwa ntchito. Mwera utawomba, maboti osalowa m'madzi, ndinatenga usipa wouma, ndinautsuka mchenga, ndinaukazinga pa phale popanda mafuta, ndinausinja ndi mitu yomwe n'kuusefa. Ufa wakewo ndinkathira masupuni awiri m'phala, nthawi zina ndi chigwada chosinja. A Timoteo anati usipa wosinja ndi chipongwe kwa usipa. Anadya ndithu.

Lamlungu anapita kutchalitchi ku Msumba. Zuleika anakana phala. Ababa anasiya ukonde, anatenga supuni yopanda kanthu, anatsinzina, anatafuna mpweya mwaulemu wonse. Zuleika anawatsegula pakamwa ndi chala, anasuzumiramo, anawabwezera supuni. Anadya pang'ono madzulo pa futari, chakudya chomasulira funga, tulo tili m'maso, theka la phala likutsikira pachifuwa.

Loweruka lotsatira amayi anavala mpango wawo wa kumzikiti napita okha kugombe. Ndinawatsatira patali.

"A Timoteo, mapemphero anu amatha ora zingati?"

"Zimatengera abambo alalikira bwanji."

"Mukhale kumbuyo, pafupi ndi khomo."

"Amayi, ine ndimaimba kwaya."

"Ndi mano amenewo?"

"Kuimba n'kwa pakhosi."

"Kumezanso. Dzuwa likafika pamutu mukhale muli pano."

Anafika dzuwa litapendeka pang'ono, atavala malaya oyera, buku la nyimbo lili m'thumba. Amayi anawayalira mkeka watsopano. Pambali pa mbale yawo anaikapo kamchere m'chivundikiro cha botolo. A Timoteo ankathira mcherewo Zuleika akayang'ana kumbali.

Masabata atatu atakwana ndinabereka Zuleika kumsana m'mawa kupita kwa anamwino, kartau m'manja. Pamzere panali amayi asanu ndi anayi patsogolo panga, ndipo ndinawerenga ana awo onse, ndinaona kuti onse ndi onenepa. Anamwino anapachika Zuleika. Muvi unagwedezeka, unabwerera, unaima.

"Magalamu mazana atatu," anatero. "Si zambiri." Anaika kadontho pa kartau, pamwamba pang'ono pa kakale. "Koma wakwera. Ubwere naye mwezi wamawa. Ukumupatsa chiyani?"

Ndinafotokoza za chambo chowiritsa, za sefa, za ufa wa usipa.

"Amadya yekha bwinobwino?"

"Amadya ndi munthu."

"Chabwino. Asasiye."

"Ku Metangula?"

"Ku Metangula kukatani? Wotsatira!"

Panja ndinamanganso nsalu, ndinamukweza kumsana. Magalamu mazana atatu pamsana samveka. Ndinadumphadumpha kawiri kuti ndione ngati ndiwamve, amayi ena pamzere anandiyang'ana, ndinaleka. Tinagwira njira ya kugombe mofulumira, chifukwa nsinjiro zinali zisanasinjidwe.