Buluku Linatsala ku Rumphi

Nelly anaimba foni Lachitatu m'mawa, ndipo mawu ake anali ochepa.

"Achimwene, amama asiya kudya. Akungofunsa za inu. Bwerani mudzawaone."

Laws Chirambo, msuweni wake wa Nelly, anayankha kuti afika Loweruka. Amama amene Nelly ankanenawo anali azakhali ake a Laws, kapena kuti ankhazi m'chilankhulo cha kwawo, NyaChirambo, amene anamulera ku Hewe kuyambira pamene bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Galimoto za ku Hewe zimanyamuka pa boma la Rumphi tsiku lililonse, ndipo ahedi a pasukulu imene ankaphunzitsa sakanamukaniza. Koma panali ulendo wa panjinga umene iye ndi anzake awiri anakhala akuukonzekera chaka chonse: kugona m'mbali mwa nyanja ya Kazuni Lachisanu, kudzera ku Katowo, kenako kukwera ku Nyika. Laws anadziuza kuti msewu wake ndi womwewo, Hewe ali m'njira. Azakhaliwo anadwalapo kangapo n'kudzuka. Anaganiza kuti akadzamuona akufika panjinga, fumbi lili mbuu, adzaseka mpaka kutsokomola.

Loweruka kunawachera ku Kazuni. Kunali kozizira monga kumakhalira mu Juni, ndipo mvuu zinkamveka kumadzi koma sizinkaoneka chifukwa cha nkhungu. Vitumbiko, amene ali ndi shopu ya mankhwala a ziweto pa boma, ankakutumula tenti yake akudandaula.

"Yamwa mame usiku wonse. Ndiye kuti madzi a ku Kazuni ndikwera nawo ku Nyika pamsana panga."

"Pamsana pa njinga," anatero Diana, namwino, akumanga chikwama chake pa keliyala ndi malegeni.

"Njinga ndi ine ndife thupi limodzi, asisi."

Vitumbiko ankayenda ndi kasikelo kokoloweka, konga ka ogula nyemba, ndipo chilichonse cholowa m'chikwama chinkayamba chapachikidwapo. Ngakhale mswachi wake anaudula chogwirira.

"Mswachi munadula," anatero Diana, "koma mimba mwabwera nayo yonse."

"Iyi ndi injini. Inu tayani malegeniwo, mukutichititsa manyazi. Anthu aziti tikukagulitsa makala."

"Malamba anu ogula pa intaneti aja anaduka kangati dzulo? Legeni langa ndi chubu chakale, koma silinadandaulepo."

Vitumbiko anadzimenya pakhosi, kenako paphewa.

"Ndinakuuzani kuti kuno musavale zabuluu," anatero Diana. "Akashembe, ntchentche zoluma zija, amakonda buluu ndi zakuda. Mwawaitana nokha."

Laws ankamva zonsezi akupopa tayala lakumbuyo, ndipo ankaseka pamene anzake aseka. Foni yake inali yomangidwa pa handulo. Anaitseka netiweki chinyamukireni kuti batire isathe, chifukwa ndiyo inkajambula njira yonse imene ankadutsa.

"Aphunzitsi, mwaimbako kumudzi?" Diana anafunsa motsitsa mawu.

"Kuno netiweki imavuta."

Zinali zoona, koma sanayese n'komwe. Diana anamuyang'ana pang'ono, n'kubwerera ku malegeni ake.

"Iwe undithokoze, mdala," anatero Vitumbiko akunyamula njinga ya Laws ndi dzanja limodzi. "Taona kupepuka kwake. Ukanakhala ndi wadirobu ija, bwenzi pano ukulira."

Ankanena za dzulo lake. Akulongedza kunyumba kwa Laws, Vitumbiko anapeza m'chikwama buluku lakuda, shati yoyera ndi nsapato za kutchalitchi. Anazikweza m'mwamba ngati wagwira mbewa. Anafunsa ngati Laws akupita ku ukwati, ndiponso ngati kwawo ku Hewe amuna onse amayenda opanda buluku loti n'kubwereka. Mitengo ya tenti inkakananso kulowa. Laws anaseka, ndipo zovalazo zinatsala pampando.

Nkhungu itayamba kuchoka ananyamuka. Msewu unali wa mabampu ang'onoang'ono ogwedeza mano, kwinaku mchenga. Vitumbiko ankalalikira kuti matayala aziphwetsedwa pang'ono pamchenga, Diana ankati amene waphwetsa adzimatira yekha chubu. Anakangana za chishalo, za mafuta odzola kuti pokhalira pasatupe, za masokosi a ubweya amene akuti sanunkha ngakhale uwavale sabata yonse. Galimoto ya mabelo a fodya inawadutsa n'kuwasiya akulavula fumbi. Laws ankapalasa patsogolo. Ankafuna kufulumira, komanso mwendo unkalemera akaganiza zofika.

Pa Katowo Vitumbiko anafuna kuima kuti adye tchipisi. Laws anakana.

"Tikadya kwathu. Patsala pafupi."

Anayang'ana foni. Pamenepo netiweki ikanagwira bwinobwino. Anadziuza kuti palibe chifukwa choimbira munthu amene umuone ndi maso posachedwa, ndipo anapalasa.

Atakhota kulowa kamsewu ka kumudzi, Diana ndiye anayamba kuona nthambi zamasamba zitayalidwa mopingasa njira. Anagwira mabuleki n'kutsika, pakuti pamaliro munthu sadutsa ali panjinga. Laws anatsikanso. Vitumbiko anaiwala kuti nsapato zake zili ndi kachitsulo kunsi kokola pa pedulo. Anaima, phazi linakana kuchoka, ndipo anagwa cham'mbali, khu! Amuna amene anakhala pansi pa mtengo anatembenuka onse. Palibe anaseka.

Diana anasolola chitenje m'chikwama n'kuchimanga m'chiuno. Onse anavula mahelemeti n'kuyamba kukankha njinga. Tizitsulo ta kunsi kwa nsapato tinkalira pamiyala, kwa, kwa, kwa, ngati ziboda za bulu. Laws ankayang'ana nyumba imodziimodzi. Ya aKumwenda inali yotseka. Yotsatira inalinso zii. Utsi unkafuka kuseri kwa mitengo ya mango, pamene iye ankapadziwa bwino, ndipo kumeneko n'kumene kunkachokera nyimbo ya amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo.

Fiskani, mchimwene wake wa Nelly, anawachingamira asanafike pabwalo. Maso ake anali ofiira, jekete lili lopachika paphewa.

"Takhala tikukuimbira kuyambira dzulo," anatero. "Foni yako ili kuti?"

Laws anayang'ana njinga yake. Foniyo inali pomwepo pa handulo, ikujambulabe njira.

"Anatisiya dzulo dzuwa litapendeka."

Laws anakumbuka pamene anali nthawi imeneyo. Anali m'mbali mwa msewu, akugwirira njinga ya Vitumbiko, akukangana za lamba woduka.

"Sanaikidwe?" anafunsa.

"Anthu akuona nkhope panopa. Abusa ali ndi maliro ena masana ano, ndiye sitichedwa."

Laws anasiya njinga kuti igwe yokha n'kulunjika kunyumbako. Fiskani anamugwira mkono mwamphamvu.

"Ukupita kuti choncho?"

"Ndikawaone ankhazi."

"Tadziyang'ana, Laws. M'nyumbamo muli amayi a Umanyano, muli apongozi anga, muli madoda a mpingo. Ulowe maliseche?"

Laws anadziyang'ana. Kabudula wake wakuda anamata thupi ngati khungu lachiwiri, osabisa kanthu kutsogolo, ndipo kumbuyo anali ndi kasiponji kotukuka. Malaya ake achikasu, olembedwalembedwa, ankawala pakati pa anthu ovala zakuda ndi zoyera. Pa boma anthu anazolowera kuwaona choncho. Apa amayi ena anali atayamba kale kuyang'ana kumbali, ena kukoka mipango kumaso.

"Atenge chitenje changa," anatero Diana, dzanja lili kale pamfundo. "Ine ndikabisala kuseri."

"Yewo, amama, koma ayi," anayankha Fiskani. "Mwana wa nyumba ino alowe atamanga chitenje ngati wodwala mutu? Mudzi uno udzaiwala maliro, uzidzakamba za chitenjecho. Amama anali munthu wolemekezeka. Tiye kuno, ndikupezere buluku."

Anamutengera kuseri kwa chigafa cha fodya n'kumuuza kuti asasunthe. Kupeza buluku sikunali kophweka. Zovala za Fiskani zinali m'chipinda cha nyumba yomwe munali maliromo, modzaza amayi mpaka pakhomo. Amuna onse anali atavala mabuluku awo abwino, ndipo nyumba zawo zinali zokhoma. Laws anamuona Fiskani akunong'oneza uyu, akunong'oneza uyo, kenako akuthamangira kutsidya kwa dambo.

Vitumbiko anafika akukankha njinga ziwiri, chigongono chikutuluka magazi. Anagwada n'kuyamba kukhuthula zikwama zonse pansi. Munatuluka machubu, pampu, kachitofu, thumba logonamo, masokosi a ubweya aja, jekete la mvula lopyapyala ngati pepala.

"Mwina jeketeli ukalimanga m'chiuno," anatero. "Kapena thumba logonamoli, tikaling'amba pansi..."

"Zisiye, Vitu."

"Ndine ndinakuuza kuti ulisiye, mdala. Ndine."

"Ndati zisiye."

Pakati pa mitengo ya chigafa Laws ankaona mzere wa anthu ukulowa pakhomo lakutsogolo n'kutulukira lakumbuyo. Poyamba unafika mpaka pa nkhokwe. Analowa amayi, analowa achinyamata a kwaya, kenako amuna anayamba kudzuka pansi pa mtengo akukutumula mabuluku awo. Anazindikira aphunzitsi ake akale, anazindikira mayi wogulitsa zitumbuwa pachigayo. Anthu amene NyaChirambo anangowapatsako moni panjira ankalowa n'kuwaona. Kawiri konse Laws anaponya phazi kuti angothamanga n'kulowa momwe analilimo. Kawiri konse anaganiza za azakhali akewo, amene sankamulola kupita ngakhale kuchigayo shati ili kunja kwa kabudula, ndipo anabwerera.

Diana anabwera kudzaima pakona pa chigafa, nkhope atayang'anitsa kwina.

"Ndalankhula ndi amayi ena kuti akauze abusa adikire pang'ono," anatero. "Akuti awauza. Kaya amva, kaya."

Mzere unali utafika pakhonde pamene Fiskani anatulukira akupuma mwawefuwefu, atanyamula buluku labulawuni la munthu wamkulu thupi.

"Vala msanga!"

Laws analowetsa mwendo, koma nsapato inakola m'kati. Anafuna kuivula. Nsapato zakezo zinalibe zingwe, zinali zomanga ndi kawaya kopota ndi kagudumu, ndipo kagudumuko kanali katadzaza mchenga wa ku Kazuni. Kanakana kumasuka. Vitumbiko anagwada pamapazi ake, akukapukuta, akukauzira, akukamenya ndi sipanala.

"Osakoka, ukukalimbitsa! Dikira, kamafuna kukankha kaye."

"Dula!" anakuwa Laws.

Vitumbiko anafufuza mpeni pamulu wa katundu uja. Anaupeza, anadula waya wa nsapato yoyamba, n'kuyamba yachiwiri. Nyimbo inatha m'nyumbamo. Kunamveka mawu a abusa, aafupi, kenako kulira kwa amayi kunakwera nthawi imodzi. Pamenepo hamala inayamba kugogoda.

Fiskani anatsamira mtengo wa chigafa n'kuphimba nkhope ndi jekete lake. Vitumbiko anakhala chogwada, mpeni uli m'manja. Laws anamaliza kuvala bulukulo pang'onopang'ono, popeza panalibenso chothamangira.

Anatuluka kuseri kwa chigafa wopanda nsapato, dzanja limodzi litagwira buluku m'chiuno kuti lisagwe. Bokosi linali likutuluka pakhomo, litakutidwa ndi nsalu yoyera. Pambuyo pake pankabwera Nelly, amayi awiri atamugwira uku ndi uku. Atamuona anaima.

"Mwafika, achimwene."

Laws anayembekezera kuti amukalipira, ndipo mwina zikanamupepukira. Koma Nelly sanatero.

"Nelly," anatero, "nkhope yawo inali bwanji?"

"Tinawaveka yunifolomu yawo ya Umanyano, ndi duku loyera." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Anaonda chomene, achimwene. Sabata yathayi anatha thupi lonse. Kaya mukanawazindikira."

Amayi aja anamukoka mokoma, ndipo anapitirira. Anthu anayamba kutsatira bokosi kulowera kumanda, amuna patsogolo, nyimbo ina itayambika. Laws anadikira kuti adutse ambiri, n'kulowa mumzere chakumapeto, pakati pa anthu amene sankawadziwa.