Nthiti za M'sipika

Mayi a mapasa sanali munthu wopusitsika msanga. Bodza ankalinunkhiza patali ngati guluu, ndipo guluuyo ankamudziwa bwino, pakuti moyo wawo wonse wa m'banja anauthera m'kashopu ka amuna awo, kuseri kwa siteji ya maminibasi, komwe bambowo ankakonza masipika ong'ambika.

Ntchitoyo inkafuna manja odekha, makamaka pa masipika a m'galimoto, aja ooneka ngati dzira. Sipika yozungulira siivuta, koma ya dzira chipepala chake chotulutsa mawu chija chikangopendekeka pang'ono, koyilo, kawaya kokulungidwa kuseri kwake, imakanda maginito, nyimbo n'kumatuluka ngati woimbayo ali ndi chimfine. Choncho bambowo akachotsa chipepala chakale, ankalowetsa timizere topyapyala pakati pa koyilo ndi maginito kuti zisasunthe, kenako n'kumata chatsopano. Guluu akauma, kusolola timizereto inali ntchito ya mayi, chifukwa zala zawo zinali zazing'ono.

Timizere tabwino timadulidwa ku filimu ya ekisire, ija amajambulira mafupa kuchipatala. Kale bambowo ankaipeza kwa wogulitsa zinthu zakale, koma inadzasowa, ndipo anakhala nthawi yaitali akudula makadi a juga, uku akudandaula ngati wofedwa. Ndiye tsiku lina mayi posolola, anaona kuti kamzere katuluka kakuda, kosalala, katsopano.

"Kodi filimu yapezekanso?" anafunsa.

"Mnzanga wina wandigawirako," anayankha bambowo osadzutsa mutu.

"Mnzanu uti? Anzanu onse ndimawadziwa. Palibe angagawe ngakhale chotokosera m'mano."

"Mayi, upolisi mwayamba liti? Tandipatsirani sizasiyo."

Anawapatsira, koma mtima sunakhale m'malo. Galu wamkota sakandira pachabe. Anakumbukira kuti sabata yathayo bambowo anavala malaya a kutchalitchi pakati pa sabata, ati akukafuna zipepala za dzira m'tauni, n'kubwerako chimanjamanja. Zipepala zimafuna malaya ositidwa? Anakumbukiranso namwino wina wosekaseka amene anabweretsa wailesi yake n'kuchedwa kutsanzika. Apa mutu wa mayi unagwira ntchito mofulumira: filimu imachokera kuchipatala, namwino amagwira kuchipatala. Ngakhale kuonda kwa bambowo, mpaka kuboola lamba pena, anakuwerengera pomwepo. Mwamuna wodyetsa nyumba ziwiri anganenepe bwanji? Za kutsokomola kwa m'mawa sanaziganizire n'komwe, poti mwini wake ankati ndi fungo la guluu.

Anayamba kubisa timizereto. Akasolola, m'malo moponya m'chitini, ankatilowetsa m'chikwama. Ankafuna umboni: dzina, kalembedwe ka dzanja la mkazi, chilichonse choti akawaponyere patebulo. Nsanje inkawawotcha, ndipo ankachita manyazi kuti pa msinkhu wawowo ikuwawotchabe.

Mpata unapezeka masana ena. Bambowo atamata chipepala pa sipika ya dalaivala wina, anaisiya patebulo kuti iume, n'kutuluka kukayesa ina m'minibasi. Mayi anakhuthula chikwama, n'kuyamba kundandalika timizereto pagalasi la zenera, kamodzikamodzi, akumata nsonga zake ndi selotepi. Dzina silinapezeke, pakuti ngodya yomwe pamakhala dzina inali itadulidwa mwadala. Koma dzuwa litawomba pagalasipo, panaoneka nthiti. Pamwamba pake panali fupa la paphewa, lokhota, lokhala ndi mfundo pakati.

Mayi anasendera pafupi ndi galasilo. Mfundo imeneyo ankaidziwa ndi dzanja lawo. Inabwera mapasa asanabadwe, bambowo atagwa pamakwerero akupachika sipika pamtengo, ndipo ndi mayiwo amene ankawathowa ndi madzi otentha. Chifuwa chinali pazenerapo sichinali cha munthu wachilendo. Mbali imodzi nthitizo zinkazimirira mu chinthu choyera ngati mtambo, ndipo pakatikati pa mtambowo panali mpata, timizere take kulibe.

Bambowo analowa akupukuta manja. Ataona zenera anaima chilili.

"Mnzanu uja ndamupeza," anatero mayi.

Bambowo anayesa kuseka, koma kunabwera chifuwa, chachitali, chowagwiritsa tebulo. Chitatha anati, "Nanga filimu yabwino chonchi ndikanaitaya?"

"Anakuuzani chiyani kuchipatalako?"

"Anati ndibwerenso msanga, ndipo ndisabwere ndekha." Anayang'ana pansi. "Ndimati nditsirizeko kaye masipika a eni akewa. Ndimaopanso kuona nkhope yanu itatere."

Mayi anapsa mtima, anachita mantha, anawamveranso chisoni, zonse nthawi imodzi. Masiku onsewa iwo akulimbana ndi namwino wosalakwa, munthu akutha pamaso pawo! Anayang'ana sipika ya patebulo ija. Timizere tosowato tinali mmenemo, nsonga zake zitatulukira pakati pa chipepala.

"Musakhudze, guluu sanaume!" anakuwa bambowo.

Chiyambireni mayi anali asanaonongepo ntchito ya amuna awo. Koma anagwira timizereto n'kusolola tonse, chipepala cha dzira chija n'kupendekera kumbali, koyilo n'kukanda maginito.

"Mayi, mwapha sipika ya mwini wake!"

"Ya mwini wake ili ndi chipepala china m'tauni," anatero akumatula timizere ta pazenera n'kutiika pamodzi m'chikwama. "Chifuwa chanucho china ndikachipeza kuti? Khomani chitseko, mukavale malaya aja."