Penshoni ya Atsibweni

Nkhani yoti a Bonifasio asasula denga la nyumba yawo Eneles adaimva kwa mayi wina wogulitsa kachewere pageti la kumacheka.

"Atsibweni anu ndiye alowa chizungu," adatero mayiyo uku akuunjika mbatata m'beseni. "Udzu wonse augwetsa pansi dzulo. Akuti penshoni ikutuluka mwezi uno ukatha, malata akagula pa Chimbiya pompa. Paja mapepala ake mukuyendetsa ndinu, eti?"

Eneles adaseka nawo, nanga akadatani? Koma atalowa mu ofesi adangokhala pampando osayatsa kompyuta.

Mwini machekawo adali a Gibson Mtambalika. Ankacheka matabwa a paini, ndipo anthu oposa makumi awiri ankadyera pamenepo. Eneles ndiye adali kalaliki. Mwezi uliwonse ankadula makwacha asanu pa zana lililonse la malipiro a wantchito, bwana n'kuikapo khumi, zonse n'kutumiza ku kampani yosunga penshoni ku Blantyre. Lamulo limatero, ndipo kwa zaka zambiri zinkayenda chomwecho. Kenaka kwacha idagwa. Dizilo adakwera mtengo, kukwera n'kusowanso, moti lole ya pamachekapo inkagona pamzere wa dizilo masiku atatu. Omanga nyumba ku Lilongwe adaleka kuitanitsa matabwa, milu yake idangoti mbwee pabwalo. Apa m'pamene a Gibson adati ndalama za penshoni zibwerekedwe kaye agulire dizilo, adzabweza mwezi wamawa. Mwezi wamawa wake uti! Idakwana miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi, kudula akudula, koma ku Blantyre osapita ngakhale tambala.

Wina angati, bwanji Eneles osakana? Kukana kumakoma pakamwa pa munthu amene ali kutali. A Gibson sadali bwana chabe. Adali apongozi ake, bambo wa mwamuna wake Levison, yemwe ankayendetsa lole ija. Eneles adapita chitengwa, ankakhala pamudzi pawo, kudya za m'munda mwawo. Pakati pa ofesi yake ndi ya a Gibson padali chitseko, ndipo akakhala ndi mawu ankagwada pakhomo pamenepo, failo ili m'manja, maso ali pasimenti. Mayi wa dipuloma yake ya zowerengera ndalama! Manambala ankawadziwa kuposa aliyense pamalopo, koma mpongozi sayang'anidwa kumaso, ndipo satsutsidwa.

Tsono a Bonifasio adali mlongo wa malemu mayi ake. Ndiwo adamulera, ndiwo adamulipirira sukulu ndi thukuta la pamacheka omwewa, ndiwonso adali ankhoswe a ukwati wake. Adaima pamakina zaka makumi awiri ndi zitatu, utuchi udawalowa m'chifuwa, ankatsokomola mpaka kugwira tebulo. Chaka chimenechi adakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo fomu yawo yopumira pantchito idali m'dirowa ya Eneles sabata yachitatu tsopano.

M'mawa womwewo adaitenga fomuyo n'kukagwada pachitseko chija.

"Zikomo bambo. Ndimati ndikumbutse za fomu ya atsibweni. Ikufunika siginecha yanu."

A Gibson adapuma mozama. Nawonso adali ataonda, galimoto yawo adagulitsa kale, jekete linkawakhuthuka m'mapewa. Munthu woipa mtima sadali ayi, ndipo ichi ndicho chinkamupweteka kwambiri Eneles, chifukwa woipa mtima umatha kumuda n'kupumako.

"Mayi," adatero, "fomu imeneyo ikangofika ku Blantyre atsegula failo yathu. Akaona zotsalira sapereka kanthu tisanabweze, ndipo akatineneza kwa oyang'anira za penshoni ku Lilongwe. Chindapusa chake mukuchidziwa kuposa ine. Atseka pano. Anthu onsewa mukawauza chiyani?"

"Nanga titani, bambo? Denga asasula kale."

"Mulembe kalata yoti iwo eni apempha kuti apitirize ntchito chaka chimodzi. Munthu amene sanapume safunsa penshoni. Muwauze kuti mapepala achedwa kuboma, asaine podikirira. Chaka chamawa zinthu zisintha."

Apa Eneles china chake chidamudukira m'kati. Adadzutsa mutu, n'kuwayang'ana a Gibson m'maso mwenimweni.

"Bambo, ndalama zija si zanu. Tinadula kwa anthu. Ndipo ine atsibweni anga sindingawanamize."

Kalanga ine! Mawuwo sadali ambiri, koma adamveka mpaka pakhonde pamene padaima anthu awiri odzagula matabwa. A Gibson adaimirira. Adatenga chipewa chawo, n'kutulukira khomo lina.

Madzulo ake Levison adafika kunyumba nkhope ili gwaa.

"Wandivula pagulu, Eneles. Bambo anga kuwayang'ana m'maso, alendo akumva? Unaleredwa kuti iwe?"

"Nanga zimene ndanenazo ndi zabodza?"

"Zoona kapena zabodza, ali ndi pakamwa ponenera ndi ndani? Ukuyesa ineyo sindikudziwa kumene dizilo wa lole akuchokera? Tonse tikudya zomwezo, ngakhale iwe."

Pamenepo ndiye padamuwawa, chifukwa sadaname. Akuchimuna adakhala pansi, adagwirizana kuti mtengwa walakwira mwambo, ndipo nkhani yotere sakamba ndi mwini wake, amaitana ankhoswe. Taonani tsono mmene dziko limasekera anthu. Uthenga udapita kwa a Bonifasio.

Adabwera Lamulungu masana atachoka ku Misa ku Kasina, panjinga yawo yakale, tambala wofiira atamumanga miyendo pakaliyala. Adakhala pansi pa mtengo wa pichesi pakhomo pa a Gibson, chipewa chili pabondo. Eneles adakhala pamphasa chapatali ndi amayi ena. Mbale wawo wa a Gibson adafotokoza mlandu: mwana wanu wayankha apongozi ake mwachipongwe, wawayang'ana kumaso, anthu akuona. Za chimene adakanganirana sadatchule, ndipo a Bonifasio sadafunse. Nkhoswe yaulemu sifunsa kuti mkulu adayamba watani.

"Pepani, eni mudzi," adatero a Bonifasio akuomba m'manja mofatsa. "Wolakwa ndine, ndi ine ndinalephera kulanga. Mwanayu sukulu yamukwera m'mutu. Bwana Gibson andisunga zaka makumi awiri ndi zitatu, sanandimanepo malipiro ngakhale tsiku limodzi. Lero ndikupuma ngati munthu, ndikufolera nyumba ndi malata, chifukwa cha iwowa. Ndiye mwana wanga yemwe awanyoze? Landirani kankhukuka, mtima ukhale pansi."

Adatembenukira kwa Eneles, ndipo adamulankhula mwaulemu wa pabwalo, osati monga ankamuitanira ali mwana.

"Inu mayi, gwadani mupepese."

Eneles adagwada. Adapepesa. Adaona tambala uja akuchoka m'manja mwa atsibweni ake kupita m'manja mwa anthu amene adawadyera penshoni, ndipo a Gibson adayang'ana kumbali, osatha kunena ngakhale zikomo. Manyazi adawagwira, inde, koma nkhuku adalandira.

Dzuwa litapendeka Eneles adapempha kuti awaperekeze atsibweni ake. Adayenda m'kanjira kodutsa m'minda ya kachewere, a Bonifasio akukankha njinga, akuima pafupipafupi kuti atsokomole. Kumapiri mitambo idali itayamba kusonkhana. Iwo ankangokamba za malata, kuti awerenga makumi atatu ndi awiri, kuti phaso akonza kale, kuti akazi awo, azakhali ake a Eneles, akugona kukhitchini koma akuti masabata awiri si chaka.

"Atsibweni," adatero Eneles, "taimani."

Adawauza zonse. Miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi, dizilo, fomu ili m'dirowa, kalata yabodza imene adakana kulemba. Adalira osabisa nkhope, chifukwa dzanja limene linkadula ndalamazo mwezi ndi mwezi lidali lake, ndipo ankadziona ngati mbala.

A Bonifasio adatsamiritsa njinga pamtengo, adakhala pamzere wa munda wa eni. Adayamba kuthothola udzu ndi zala.

"Ndiye tambala wanga uja ndapepesera zimenezi?"

"Eya, atsibweni."

Adaseka pang'ono, kuseka kopanda mano, kudathera m'chifuwa.

"Iwe Eneles, wasukulu ndiwe. Tandiuza. Nditati ndikwere minibasi mawa, ndikadandaule ku Lilongwe, ndalama zanga zituluka?"

"Zidzatuluka, koma osati chaka chino. Ayamba afufuza, kenaka mlandu. Mwina mpaka agulitse makina."

"Makina akagulitsidwa, mnzanga wa pamakina Misheck ndi ana ake asanu ndi awiri akadya kuti? Nanga anzanga ena onse aja?"

A Bonifasio adatsokomola, n'kupitiriza.

"Nanga a Gibson akawamanga, iwe pamudzi paja ukhalapo?"

"Andithamangitsa tsiku lomwelo."

"Akakuthamangitsa ubwera kwa yani? Kwa ine. Nkhoswe imene inamanga ukwati, yomweyonso yaumasula ndi manja ake, kenaka ikulandire iwe ndi ana awiri m'nyumba yopanda denga." Adapukusa mutu. "Ha! Koma ndiye mwandimanga bwino, anthu inu. Chingwe chake simunagule n'komwe, ndinaluka ndekha."

"Mukhoza kupitabe, atsibweni. Ndi ufulu wanu. Ine ndikachitira umboni, zanga zione zina."

Adanena ndi mtima wonse, koma pansi pa mtima womwewo ankapemphera kuti akane, ndipo adadzida chifukwa cha pemphero limenelo. A Bonifasio adamuyang'ana ngati akuliona pempherolo. Adadzuka, adasasa fumbi kuthalauza, n'kugwira njinga.

"Bwerera, kwada. Apongozi ako angati wayambanso mwano."

Lolemba m'mawa kudachita nkhungu yoti munthu osaona geti. Eneles atafika adapeza a Bonifasio atakhala pakhonde la ofesi, atavala ovolosi yawo yakale imene adati Lachisanu lapitalo aisiyira anyamata. Pakaliyala padali mpukutu wa pulasitiki wakuda, wofolerera nyumba mongoyembekezera.

"Lemba kalata ija," adatero. "Koma usalembe zoti mapepala achedwa. Ulembe kuti ine Bonifasio ndapempha ndekha."

Eneles adailemba. Adaibwereza katatu. A Bonifasio adaiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikugwedera, kenaka adasaina dzina lawo lonse monga adaphunzirira kumishoni, chilembo chilichonse pachokhapachokha. Panja makina adalira, utuchi udayamba kuuluka. A Bonifasio adabweza cholembera, adafika pakhomo, n'kutembenuka.

"Ndiye pakutha pa mwezi uno, pamalipiro angawa, udulanso?"

Eneles adayang'ana patebulo.

"Lamulo likuti ndidule, atsibweni."

"Ukadula zipita kuti?"

Kuseri kwa chitseko chija a Gibson adali pafoni, akufunsa ngati dizilo wafika pa Chimbiya.